Kolala ya Njovu ndi Mwana wa ku Chowe

Mlimi wa ku Chowe safuna kuuzidwa kuti njovu ndi chiyani, pakuti midzi ya kumeneko inayandikana ndi nkhalango ya Mangochi, imene inapatsidwa m'manja mwa bungwe la African Parks m'chaka cha 2018, patapita zaka zitatu chitengere Liwonde. Njovu ikaloŵa m'munda usiku umodzi wokha, thukuta la chaka chonse limathera pomwepo.

Masiku ano njovu zina zimavekedwa kolala m'khosi. M'kolalamo muli kachipangizo kamene kamamvera masetilaiti osachepera anayi, kaŵerengera pamene nyamayo yaima, ndi kutumiza uthenga ku kompyuta ya oyang'anira nkhalango. Motero iwo amaona gulu likuyandikira mpanda lisanafike m'chimanga. Pamene njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa ku Liwonde ndi Majete kunka ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, zina mwa izo zinkatsatidwa mwa njira yomweyi.

Funso lathu ndi ili: kodi zipangizo zimenezi adzazikonza ndani? Kolala iyenera kupirira mvula, matope ndi kukhula kwa njovu pa mtengo, ndiponso batire lake liyenera kukhala zaka, chifukwa kugoneka njovu ndi mankhwala kuti aisinthe ndi ntchito yodula ndi yoopsa. Awa ndi mafunso a injiniya wa makompyuta, ndipo amene angawayankhe bwino ndi iye amene anakula akumva kulira kwa zitini zopirikitsira njovu. Tikamangogula zonse kunja, chikafa chipangizo timangodikira ndege.

Njira yake iripo. Sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Thyolo inatsegulidwa mu 2014, ndipo Polytechnic ya ku Blantyre inasanduka MUBAS mu 2021. Konseku amaphunzitsa za makompyuta ndi uinjiniya. Mu 2020 UNICEF inathandiza kutsegula African Drone and Data Academy m'dziko muno. Koma tisanamizane: wofuna kukhala mphunzitsi ndi wofufuza pa yunivesite amapirira zaka zambiri, digiri yoyamba, yachiŵiri, kenaka ya udokotala, anzake atayamba kale kulandira malipiro. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Inu aphunzitsi, m'mera mpoyamba. Mwana woopa masamu ndi fizikisi ali Fomu 1 sadzafika pa khomo limeneli. Ngakhale sukulu yanu iribe kompyuta, wailesi yakufa ndi tochi ya sola zingathe kuphunzitsa m'mene magetsi amayendera. Atsikana asakhale oonerera pamene anyamata agwira mawaya.

Inu amene mwatsiriza sukulu, ngati masamu anakuvutani, kubwereza si manyazi. Ndipo mukadzapita kunja kukawonjezera maphunziro, mudzabwere nazo nzeruzo. Mayi amene amagona m'chisimba kulondera chimanga chake ku Chowe akudikira inu.