KUKOPERA SI KUBA, NDI KUMASULA INJINI

Abale anga a pagombe, ndiyankheko nkhani imene yandivuta sabata ino. Wina anandipeza kuseri kwa shedi ndikupenta pa pulayiwudi, foni ili pambali, n'kundiseka: "Aise, ungokopera za azungu basi? Luso lako lili kuti?" Sindinamuyankhe. Ndikuyankha pano kuti ndi achimwene ake omwe amve.

Chimene ndikukoperacho ndi School of Athens cha Raphael, chimene anajambula pakhoma ku Vatican pakati pa 1509 ndi 1511, atamulemba ntchito Papa Julius II. Anayamba ali ndi zaka ngati 26, saizi yanga yomwe. Muli anthu opitirira 50. Pakati pali Plato akuloza kumwamba, pambali pake Aristotle atatambasula dzanja cha pansi. Diogenes wangodzigonera pamasitepe ngati mlovi woti wachezera usiku wonse panyanja.

Chifukwa chake n'ichi. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikuyesa kujambula gombe lathu m'mamawa, nthawi imene maboti a chilimira akukocheza, amayi a mabeseni akulimbirana usipa. Nthawi zonse anthu anga amatuluka atandandalikana ngati usipa pathandala, onse msinkhu umodzi, palibe akuyang'ana mnzake. Bambo anga ataona anangoti, "Awa ndi maliro kapena msika?"

Nditayamba kukopera m'pamene maso anatseguka. Raphael sanajambule chigulu chimodzi ayi. Anaika timagulu, ndipo kagulu kalikonse kali ndi nkhani yake. Taonani Euclid wawerama ndi kampasi, anyamata amuzungulira, aliyense akumva pa liwiro lake. Mizere ya pansi ndi ya zipupa yonse ikukakumana malo amodzi, pakati pa Plato ndi Aristotle. Diso lako limapita pomwepo usanaganize n'komwe. Izi sungazione pongoyang'ana pafoni. Umaziona dzanja lako likalakwitsa.

Injini ndinaiphunzira chimodzimodzi. Palibe anandiuza kuti ndipange yanga. Anandipatsa Yamaha yakufa, sipanala, n'kuti masula, bwezera. Kabuleta ndinaimasula mpaka kuilota. Ndani anandinena kuti ndine wakuba?

Komanso ife a penti ya oili tili ndi mwayi. Raphael ankapenta pa pulasitala ya laimu isanaume, chigawo cha tsiku limodzi basi, ukalakwitsa, ugumule. Oili imachedwa kuuma, masiku angapo. Dzanja la Aristotle ndalipukuta kanayi ndi kansanza, palibe chagumuka.

Wonditsutsa uja ali ndi mfundo imodzi, ndivomere. Alipo amene amakopera moyo wawo wonse, mapeto ake n'kumagulitsa kwa alendo ngati nzeru zawo. Kumeneko ndiye kuba. Ukakopera, lemba kumbuyo kuti mwini wake ndi uje. Ndipo usakhalitse pamenepo. Raphael yemweyo anayamba ndi kutsanzira mphunzitsi wake Perugino, koma sanathere pompo.

Ine ndadzipatsa mpaka mwera utatha. Ndikamaliza, ndibwerera ku gombe lathu: apa kagulu kokangana mtengo wa ndowa, apo ana ozungulira ukonde, pakati siginala ndi mwini boti, wina akuloza kunyanja, wina akuloza m'thumba.

Ngati muli ndi mwana amene amajambula kumbuyo kwa kope, musamulande pensulo poti akukopera. Mufunseni kuti waphunziramo chiyani. Tumizani kwa makolo anzanu.