Mwana wogontha wafika m'kalasi: kodi mphunzitsi adziwa cinenero cake?

M'Cinyanja cathu liwu lakuti "kumva" ligwira nchito ziwiri. Timamva ndi makutu, timamvanso ndi mutu. Mphunzitsi akafunsa kuti "Mwamva?" safuna kudziwa za makutu a ana, afuna kudziwa ngati phunziro lalowa. Ndipo tikati "mwana uyu ndi wosamva", kawirikawiri tinena mwana wamwano. Motero mwana wogontha amayamba moyo ali kale ndi mlandu m'kamwa mwathu. Ambiri a ife timaganiza, mosazindikira, kuti amene makutu ake ndi otseka nzeru zakenso ndi zotseka.

Nkhaniyi tiibweretsa tsopano cifukwa maphunziro m'Zambia ali pa kusintha. Mu 2022 boma linacotsa malipiro a sukulu ndipo linalemba nchito aphunzitsi opitirira 30,000 caka comweco. Mu 2025 ndondomeko yatsopano ya maphunziro inayamba m'masukulu a ana aang'ono, mu Giredi 1 ndi mu Fomu 1. Makalasi adzaza, ndipo pakati pa ana amene abwera muli ena amene kale anali kungokhala pakhomo cifukwa ca ugonthi. Citseko catseguka, ndipo tiyamika. Koma mwana angakhale pa desiki zaka zisanu ndi cimodzi osalandira phunziro ngakhale limodzi, ngati amene aima kutsogolo alankhula m'njira imene iye sangailandire.

Vuto liyambira kunyumba

Pa ana 10 ogontha, 9 kapena kuposa amabadwa kwa makolo akumva bwino, amene sanaphunzirepo cinenero camanja. Ena amagontha ali aang'ono cifukwa ca matenda oumitsa khosi, cikuku, malungo aakulu kapena mafinya a m'khutu osacizidwa. Bungwe la zaumoyo la WHO linena kuti pafupifupi 60 peresenti ya ugonthi wa ana ndi wotheka kuupewa.

Mwana wakumva amatola cinenero popanda womuphunzitsa: ali kumsana kwa amai ake, pa mtondo, pa citsime. Pofika zaka zisanu amadziwa kufunsa, kukana, ngakhale kunama. Mwana wogontha m'nyumba yomweyo amangoona milomo ikugwedera. Banja limapanga zizindikiro zowerengeka, ca nsima, ca madzi, ca "bwera" ndi ca "leka", koma zimenezi sizikwana kufotokozera cifukwa cake agogo sadzabweranso. Zaka zoyambirira, pamene ubongo ulandira cinenero mosavuta, zimapita. Mwana wotere akafika ku sukulu, vuto lake lalikulu si kusadziwa Cizungu. Iye alibe cinenero ciliconse cokwanira coganizira naco. Akulu anati m'mera mpoyamba.

Kumene tacokera

Mipingo si alendo pa nkhaniyi. Pa mishoni ya Magwero, kufupi ndi Chipata, imene a Dutch Reformed Church anatsegula mu 1899, panayamba maphunziro a akhungu mu 1905 ndipo sukulu ya ogontha inatsatira mu 1955. Lero tilinso ndi St Joseph's ku Kalulushi, sukulu ya ku Senanga, ndi cigawo ca ogontha pa Munali mu Lusaka.

Koma mbiri ya maphunziro a ogontha pa dziko ili ndi bala. Mu 1880 msonkhano wa aphunzitsi ku Milan, m'dziko la Italy, unagamula kuti ana ogontha aziphunzitsidwa kulankhula ndi kuwerenga milomo, manja aikidwe pansi. Kwa zaka pafupifupi 100 masukulu ambiri anatsata zimenezo, ndipo aphunzitsi ogontha anacotsedwa nchito. Kuwerenga milomo nako ndi kulota cabe. Imani pa galasi munene "mwana", kenaka "bwana": milomo icita cimodzimodzi. Mu 1960 William Stokoe wa ku Gallaudet, ku America, anaonetsa kuti cinenero camanja cili ndi malamulo ake monga cinenero cina ciliconse. Mu 1981 dziko la Sweden linavomereza kuti ogontha ayenera kukhala ndi zinenero ziwiri, camanja ndi colembedwa. Ndipo mu 2010, ku Vancouver, msonkhano wa aphunzitsi a ogontha unakana poyera cigamulo ca ku Milan.

Anansi athu ayenda. Uganda inachula cinenero camanja m'malamulo aakulu a dziko mu 1995, Kenya mu 2010, Zimbabwe mu 2013, ndipo South Africa inacipanga cinenero ca boma ca nambala 12 mu 2023. Zambia inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olemala mu 2010, ndipo tili ndi lamulo la anthu olemala la 2012. Gawo 24 la panganolo lifuna kuti ana ogontha aphunzire cinenero camanja, ndi kuti maboma alembe aphunzitsi ocidziwa bwino, kuphatikizapo aphunzitsi olemala eni ake. Pa pepala tili bwino. Funso lili m'kalasi.

Zinenero ziwiri zitanthauzanji?

Njira ya zinenero ziwiri ndi yosavuta kuinena. Cinenero Camanja ca Zambia cikhala coyamba, cimene mwana aphunzira naco masamu, sayansi ndi zonse. Cinenero colembedwa, makamaka Cizungu popeza mayeso a Examinations Council of Zambia alembedwa m'Cizungu, cibwera monga caciwiri, kudzera m'maso. Ife tidziwa kale nzeru imeneyi: mwana wa ku Katete amamva msanga masamu akawafotokozera m'Cinyanja. Mwana wogontha afuna cinthu comweco.

Apa pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza anthu. Coyamba, cinenero camanja si Cizungu kapena Cinyanja coikidwa pa zala. Cili ndi kaimidwe kake ka mau. Nkhope, nsidze ndi mapewa zigwira nchito imene kukweza ndi kutsitsa mau kumagwira kwa ife. Nsidze zingasandutse ciganizo kukhala funso. Mphunzitsi amene alankhula Cizungu uku akuponya cizindikiro pa liwu ili ndi ilo, amaona ngati waphunzitsa, koma mwana walandira zidutswa. Zili ngati munthu woyala mau a Cinyanja m'dongosolo la Cizungu: mau tiwadziwa, koma nkhani siimveka.

Caciwiri, kuwerenga m'magiredi oyamba timakuphunzitsa ndi mamvekedwe: "b" ndi "a" apanga "ba". Mwana wogontha alibe khomo limenelo. Iye afunika kuona cinthu kapena cithunzi, kudziwa cizindikiro cake, kuona liwu lolembedwa, ndi kulipereka ndi zala cilembo ndi cilembo. Nthano iyambe yafotokozedwa yonse m'manja, ana aikambirane, kenaka aione pa pepala. Imeneyi ndi nchito ya luso, yosatheka kwa mphunzitsi wodziwa zizindikiro za moni ndi alifabeti cabe.

Mwana wa miyambo ingapo

Mwana wogontha wa ku Chadiza ndi Mcewa, wa ku Mtenguleni ndi Mngoni. Ali ndi malo pa Kulamba ndi pa Nc'wala monga ana ena. Koma ku sukulu amalowanso m'gulu la ogontha, limene lili ndi makhalidwe ake: dzina la cizindikiro limene anzake amam'patsa, kuyang'anana m'maso pokambirana, kugwira paphewa pofuna kuitana munthu. Kwathu mwana woyang'anitsitsa wamkulu m'maso timati alibe ulemu, pamene kwa wogontha kuyang'ana pansi ndiko kutseka makutu. Mphunzitsi wosadziwa zimenezi adzalanga mwana pa cinthu cimene si mlandu.

Palinso coopsa. Malangizo athu ambiri ndi a pakamwa: a anamkungwi, a ku maliro, a ku cipatala, a pa wailesi. Mtsikana wogontha akatha msinkhu, ndani amamuuza za thupi lake ndi za HIV? Wina akamugwira mosayenera, adzauza ndani, m'cinenero citi, ndipo kupolisi adzamumasulira ndani? Anthu oipa amadziwa kuti mwana wopanda womumvetsa ndi mwana wopanda mboni. Maphunziro a zinenero ziwiri amateteza thupi lake, si mayeso okha.

Mphunzitsi ndiye mutu wa nkhani

Tili ndi kopangira aphunzitsi: koleji ya ZAMISE mu Lusaka, imene inayamba mu 1971, ndi maphunziro apadera pa University of Zambia. Koma maphunziro apadera ndi munda waukulu, wa akhungu, ogontha, ovutika kuphunzira ndi ena. Munthu angatuluke ndi pepala labwino manja ake akali acibwibwi. Palibe wa ife angalole kuti mwana wake aphunzitsidwe sayansi m'Cizungu ndi munthu amene anaphunzira Cizungu temu imodzi.

Tiona zinthu zinai zofunika. Coyamba, wofuna kuphunzitsa ogontha ayesedwe ngati angakambirane momasuka m'cinenero camanja, ndipo pakati pa omuyesa pakhale ogontha. Caciwiri, nthawi yake yoyeserera kuphunzitsa aithere pa sukulu ya ogontha, akudya ndi kusewera nawo, pakuti cinenero cimakula pakati pa eni ake. Cacitatu, akamaliza atumizidwe kumene kuli ana ogontha, osati kukatseka mpata pa sukulu ina iliyonse. Cacinai, ogontha eni ake alowe m'uphunzitsi. Apa pali msampha: koleji ifuna kukhoza bwino Cizungu pa Giredi 12, koma wogontha amene sanaphunzitsidwe bwino amagwa pa Cizungu comweco, motero salowa koleji, ndipo ana otsatira asowanso mphunzitsi wa cinenero cawo. Msamphawu ufuna kalasi yowakonzekeretsa, omasulira m'makoleji, ndi malo a ogontha aakulu monga othandizira m'makalasi a ana aang'ono. Bungwe la Zambia National Association of the Deaf liyenera kukhala pa thebulo pokonza zonsezi, makamaka pogwirizana zizindikiro za masamu ndi sayansi.

Ena adzati: kodi masiku ano sitifuna kuti ana onse aphunzire pamodzi? Inde, ndipo kutumiza mwana wa zaka 7 kukagonera kutali ndi amai ake ndi cinthu cowawa. Koma wogontha mmodzi pakati pa ana 80 akumva, wopanda womasulira, ali yekha kuposa wa ku sukulu yogonera. Njira yapakati ndi kusonkhanitsa ana ogontha a dera limodzi pa sukulu imodzi yokhala ndi aphunzitsi odziwa. Enanso aopa kuti manja adzalepheretsa mwana kulankhula. Zofufuza sizionetsa conco. Mwana amene ali ndi makina a m'khutu apitirize kuwagwiritsa nchito, koma makina amafuna mabatire ndi okonza, pamene manja ali nawo tsiku lililonse.

Gawo lathu

Mipingo ili ndi masukulu, makoleji ndi nyumba zimene zimakhala zotseka pakati pa sabata. Tikhoza kuitana wogontha wamkulu kuti aziphunzitsa makolo ndi abale a ana ogontha tsiku limodzi pa sabata, ndi kumulipira monga mphunzitsi. Mabungwe oyang'anira masukulu athu afunse polemba nchito ngati munthu adziwa cinenero camanja. Azimai a cigwirizano, amene amadziwa khomo lililonse, angathandize kupeza mwana wa zaka ziwiri amene satembenuka akaitanidwa, kuti apite ku cipatala msanga, asanayembekezere Giredi 1. Pa 23 September, tsiku la zinenero zamanja pa dziko lonse, tipatse ogontha mpata wotiphunzitsa, m'malo mwakuti tiziwalankhulira.

Ndipo Sabata likudzali tiyang'ane m'chalichi mwathu. Ngati mulibe wogontha ndi mmodzi yemwe, sindiye kuti m'mudzi mwathu mulibe. Ali kunyumba, cifukwa anabwerapo kamodzi, anaona milomo ikugwedera maola awiri, nabwerera.