Chisoti Chaufumu Chidavekedwa pa Mutu Wolakwika

Bodza likakhalitsa pakamwa pa anthu limayamba kumveka ngati zoona. Limodzi mwa mabodza otere ndi lakuti nyimbo za chamba cha rock and roll n'zachizungu, ndiponso kuti adaziyambitsa ndi Elvis Presley, mnyamata wa ku Memphis m'dziko la America, amene adalongedwa ufumu wa chambachi. Bodzali lazika mizu mwakuti ngakhale ife akuda tikamva gitala wamagetsi akulira timangoti n'za azungu. Ine ndikukana kwamtuwagalu. Rock and roll adabadwira pakati pa anthu akuda a ku America, ndipo eni akewo adalandidwa ulemu ndi chuma chifukwa cha tsankho la khungu.

Tiyeni tiyambire kugwero. Makolo a anthu akudawa adatengedwa ukapolo kuchokera mu Afirika. Ukapolowo udathetsedwa mu 1865, koma umphawi ndi tsankho zidatsala. M'minda ya thonje ya m'chigwa cha mtsinje wa Mississippi anthuwa ankaimba pogwira ntchito, wina kutsogolera, ena kuvomera, monga achitira amayi pamtondo kwathu kuno. M'maimbidwe amenewa mudatuluka blues, nyimbo zodandaula za moyo, pamene m'matchalitchi mwao mudatuluka gospel, nyimbo zauzimu zoombera m'manja. Ambiri atasamukira kumizinda kukafuna ntchito, adapita nazo nyimbo zao. Muddy Waters adafika ku Chicago mu 1943, ndipo adagwira gitala wamagetsi kuti amveke pakati pa phokoso la m'nyumba zomwera mowa. Makampani ojambula nyimbo ankatcha mbale za akuda "race records", kutanthauza nyimbo za fuko limenelo lokha, ndipo dzina lakuti "rhythm and blues" lidalowa m'malo mwake m'magazini ya Billboard mu 1949.

Tsono tione zaka, pakuti zaka sizinama. Mu 1944 mayi wina wa ku Arkansas, Sister Rosetta Tharpe, adajambula nyimbo yauzimu yotchedwa "Strange Things Happening Every Day", imene kayendedwe kake n'ka rock and roll ndithu. Mayiyu ankaliza gitala mwaukatswiri umene anyamata ambiri adadzatsanzira. Mu 1949 Fats Domino wa ku New Orleans adajambula "The Fat Man". Mu 1951 Jackie Brenston ndi gulu la Ike Turner adajambula "Rocket 88" ku Memphis, m'nyumba yojambuliramo nyimbo ya Sam Phillips. Chaka chimenecho Elvis adali mwana wasukulu wa zaka 16. Iye adatulutsa mbale yake yoyamba mu July 1954, m'nyumba yomweyo, ndipo nyimbo imene idamutchukitsa, "That's All Right", idali ya Arthur Crudup, munthu wakuda amene adaijambula mu 1946. Kodi mwana angabale amake?

Nanga zidatheka bwanji kuti wobwera mochedwa atchedwe mwini mudzi? Yankho lili m'mene malonda a nyimbo ankayendera. M'zaka za m'ma 1950, nyumba zambiri za wailesi zomvedwa ndi azungu sizinkafuna kuulutsa mawu a munthu wakuda. Choncho nyimbo ya wakuda ikayamba kugulidwa, kampani ina inkathamangira kupeza mzungu woti aiimbenso mofewetsa, ndipo yofewetsedwayo ndiyo inkamveka pawailesi usana ndi usiku. Fats Domino adatulutsa "Ain't That a Shame" mu 1955, koma amene adafika nayo pa nambala 1 pamndandanda waukulu wa nyimbo zotchuka adali Pat Boone. Little Richard adatulutsa "Tutti Frutti" chaka chomwecho nafika pa nambala 17, pamene Boone yemweyo ataiimbanso adafika pa nambala 12. Big Mama Thornton adakhala masabata 7 pamwamba pa mndandanda wa rhythm and blues mu 1953 ndi nyimbo ya "Hound Dog", koma lero ambiri amaidziwa ngati nyimbo ya Elvis, amene adaijambula mu 1956. Uku ndiye kukolola pamene sudalime.

Nkhani ya ndalama ndiyo yomvetsa chisoni koposa. Thornton ankanena kuti pa nyimbo yake ija adangolandirapo madola 500. Crudup, amene nyimbo zake zitatu zidaimbidwa ndi Elvis, adakalamba akugwira ntchito za m'minda ku Virginia, ndipo adamwalira mu 1974 asanaone chuma chimene nyimbo zake zidapanga. Chuck Berry atatulutsa "Maybellene" mu 1955, adadabwa kuona kuti pambale palembedwa maina ena awiri monga olemba anzake. Limodzi lidali la Alan Freed, muulutsi wa pawailesi amene adafalitsa dzina lakuti rock and roll, ndipo Berry adadikira mpaka 1986 kuti umwini wonse wa nyimboyo ubwerere kwa iye. Tharpe adamwalira mu 1973, ndipo manda ake ku Philadelphia adakhala opanda mwala wachikumbutso kwa zaka zoposa 30. Nyumba yolemekeza akatswiri ya Rock and Roll Hall of Fame idalandira Elvis mu 1986, koma idadikira mpaka 2018 kuti ikumbukire mayi amene adalambula njira.

Ngati wina akukayikabe, afunse adani a nyimbozi, pakuti iwo ankadziwa bwino mwini wake. Mu 1956 bungwe la azungu atsankho ku Alabama lidachita kampeni yoti nyimbo za rock and roll zichotsedwe m'makina oimba a m'malo odyera, ponena poyera kuti nyimbo za akuda zikuononga ana a azungu. M'maholo ena a kum'mwera kwa America ankamanga chingwe pakati kuti achinyamata akuda ndi oyera asavine pamodzi. Taonani chinyengo chake: pamene nyimbozi zinkanyozedwa zinkatchedwa za akuda, koma zitayamba kubweretsa chuma zidasanduka za azungu.

Ena anganditsutse ponena kuti azungu nawo adathirapo mchere. N'zoona, ndipo sindibisa. Chamba cha country, cha azungu osauka a kumidzi, chidalowamo ndithu, ndipo "Maybellene" yomweyo idachokera ku nyimbo yakale ya country yotchedwa "Ida Red". "Hound Dog" idalembedwa ndi azungu awiri, Jerry Leiber ndi Mike Stoller. Enanso anganene kuti Elvis adali ndi luso lakelake, ndipo ankakonda nyimbo za akuda kuchokera pansi pa mtima. Izinso n'zoona. Iye mwini adavomereza kwa magazini ya Jet mu 1957 kuti chambachi chidalipo kale iye asanabwere, ndi kuti sangaimbe ngati Fats Domino. Koma mfundo zimenezi sizigwetsa mlandu wanga. Kubwerekana ndi mwambo wa oimba kulikonse, ndipo sindikudzudzula. Chimene ndikudzudzula n'chakuti mzungu akabwereka ankalemera ndi kulongedwa ufumu, pamene wobwerekedwayo ankafa wosauka. Wozengedwa mlandu pano si mnyamata wa ku Memphis, koma dongosolo limene linkasankha woyenera kumveka poyang'ana khungu.

Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Chodabwitsa n'chakuti amene adakumbutsa Amereka za chuma chao adali anyamata a ku Britain. Gulu la Rolling Stones lidatenga dzina lake ku nyimbo ya Muddy Waters ya mu 1950. A Beatles adaimbanso nyimbo za Chuck Berry ndi Little Richard, ndipo sankabisa kuti amenewa ndiwo aphunzitsi ao. Atafika ku America mu 1964, adakana kuimba ku Jacksonville ngati omvera akadakhazikidwa mosiyanitsa khungu. Achinyamata ambiri achizungu a ku America adadziwa blues kudzera mwa alendo, chonsecho eni ake ankakhala mumzinda womwewo.

Mwina wophunzira angafunse kuti izi zikutikhudza bwanji. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ku Johannesburg, mu 1939, Solomon Linda adajambula nyimbo yotchedwa "Mbube". Nyimboyo idawoloka nyanja, ndipo mu 1961 gulu la Tokens lidafika nayo pa nambala 1 ku America pansi pa dzina lakuti "The Lion Sleeps Tonight". Linda adamwalira ali wosauka mu 1962, ndipo ana ake adachita kukasuma kubwalo la milandu mpaka mgwirizano wa malipiro udapezeka mu 2006. Matenda ake ndi omwewo: woimba wosadziwa malamulo a umwini, wamalonda wochenjera, ndi dziko losafunsa kumene nyimbo yachokera.

Pomaliza ndikuti tiphunzire zinthu ziwiri. Choyamba, mbiri imalembedwa ndi amene ali ndi cholembera, wailesi ndi ndalama, choncho wophunzira wanzeru asamangomeza zimene wauzidwa, koma azifunsa kuti adayamba ndani, ndipo adapindula ndani. Chachiwiri, aliyense wa inu amene adzapeke nyimbo, ndakatulo kapena sewero adziwe kuti luso ndi chuma, ndipo asadzasaine pepala limene sadaliwerenge. Nkhanga zidapangana kusanapse. Mverani Elvis ngati mumamukonda, palibe tchimo. Koma mukamatchula mafumu a rock and roll, yambani ndi Rosetta Tharpe, Fats Domino, Chuck Berry ndi Little Richard, pakuti munda umenewu adaulima ndi iwo.