Mlendo ndi Mwini Mudzi pa Sukulu za Udokotala ku America

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikangotuluka, pamapezeka anyamata ndi atsikana amene akhoza bwino masamu ndi sayansi, nayamba kuponya maso kutsidya la nyanja ndi cholinga choti akaphunzire udokotala ku America. Chilakolako chotere si chachilendo pakati pathu, pakuti Dr. Daniel Sharpe Malekebu anatsiriza maphunziro ake pa Meharry Medical College, mumzinda wa Nashville, m'chaka cha 1917, ndipo Dr. Hastings Kamuzu Banda anatsiriza pa sukulu yomweyo m'chaka cha 1937. Komatu pali chinthu chimodzi chimene ophunzira ndi aphunzitsi omwe ayenera kuchidziwa asanayambe kulemba makalata opempha malo: sukulu za boma za kumeneko zili ndi mitengo iwiri ya fizi, wina wa mwini mudzi ndi wina wa mlendo.

Dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi boma lake, nyumba yake ya malamulo ndiponso njira zake zotolera msonkho. Pafupifupi sukulu zonse za boma zophunzitsa udokotala zili m'manja mwa zigawozo, osati m'manja mwa boma lalikulu la ku Washington. Wophunzira amene ali wokhazikika m'chigawo amalipira madola pafupifupi 40,000 pa chaka pa sukulu zambiri zotere, pamene mnzake wochokera ku chigawo china, ngakhale ali nzika ya dziko lomwelo, amalipira opitirira 60,000. Popeza maphunzirowa amatenga zaka zinayi, ndipo munthu amawayamba atatenga kale digiri yoyamba ndi kulemba mayeso otchedwa MCAT, kusiyana kwa mitengo iwiriyi kumafika pa madola 80,000 kapena kuposerapo. Sukulu zambiri zimene si za boma, monga Meharry, zili ndi mtengo umodzi kwa onse.

Ena amati kusiyanitsa kotereku ndi tsankho. Ife tikuona kuti maganizo amenewo ngolakwa. Sukulu ya boma imamangidwa ndi kuyendetsedwa ndi msonkho wa anthu a m'chigawocho, ndipo anthuwo amapereka ndalama zawo poyembekeza kuti ana amene aphunzitsidwa adzatsala kuti awachize. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chigawo chimaopa kuthera chuma chake pa munthu amene adzanyamula digiri yake nabwerera kwawo tsiku lomwe watsiriza. N'chifukwa chake zigawo zina zimatchinga ngakhale pa khomo lolowera. Ku Texas lamulo silola kuti obwera apitirire 10 mwa ophunzira 100 alionse pa sukulu za boma za udokotala, ndipo Brody School of Medicine ya ku North Carolina imalandira okhazikika m'chigawocho okha. Choncho fizi yotsikayo ndi mbali imodzi ya pangano, ndipo mbali inayo ndi yakuti wophunzirayo wasanduka mmodzi wa eni mudzi.

Funso lalikulu tsono ndi lakuti mlendo amasanduka liti mwini mudzi. Nkhaniyi inafika mpaka ku Bwalo Lalikulu la milandu la dzikolo. M'chaka cha 1971, pa mlandu wa Starns ndi Malkerson, bwalolo linavomereza lamulo la ku Minnesota lakuti munthu ayambe wakhala chaka chathunthu m'chigawo asanalipire fizi ya okhazikika. M'chaka cha 1973, pa mlandu wa Vlandis ndi Kline, linakana lamulo la ku Connecticut limene linkati wophunzira amene anapempha malo ali kunja kwa chigawocho adzakhala mlendo kufikira atatsiriza maphunziro ake, osapatsidwa mpata wosonyeza kuti wakhazikika. Milandu iwiriyi inaika malire: chigawo chili ndi ufulu womudikiritsa munthu ndi kumufunsa umboni, koma sichingamutsekere khomo popanda kumumva.

Umboni umene amafuna uli pawiri. Choyamba, munthu akhale m'chigawocho ndi thupi lake kwa miyezi 12 yotsatizana. Ku University of California amawerenga masiku 366. Chachiwiri, asonyeze ndi zochita zake kuti wasamukadi ndipo alibe maganizo obwerera. Apa amayang'ana laisensi yoyendetsera galimoto, kaundula wa ovota, makalata a msonkho, pangano la lendi ya nyumba ndi kalata ya kuntchito, ndipo chilichonse mwa zimenezi chikhale ndi tsiku loonetsa pamene chinatengedwa. Munthu amene akuvota ku chigawo chimodzi, nalipira msonkho ku china, kwinaku akunena kuti kwawo ndi ku chachitatu, amadzigwetsa yekha. Ndiponso amene akudalirabe thumba la makolo kawirikawiri amawerengedwa kuti kwawo ndi kumene kuli makolowo. Chovuta koposa n'chakuti zigawo zambiri zimati miyezi imene munthu wakhala chifukwa cha sukulu yokha si umboni wa kukhazikika.

Pa mfundo yomalizayi ndi pamene zigawo zimasiyana kwambiri, ndipo safunsa anadya phula. Ku Ohio ndi ku California wophunzira wochokera ku chigawo china angathe kulipira fizi ya mlendo chaka choyamba chokha, kenaka n'kupempha kuti awerengedwe ngati wokhazikika, malinga akwaniritse zonse zimene malamulo a kumeneko afuna. Pa University of Michigan zimenezi n'zovuta kwambiri, kotero kuti wolowa ali mlendo ayenera kukonzekera kulipira za mlendo zaka zonse zinayi. Ku Texas munthu amakhazikika akakhala miyezi 12 akugwira ntchito yolipidwa, kapena ali ndi nyumba, malo kapena bizinesi yakeyake, kapenanso ali pa banja ndi munthu wokhazikika kumeneko. Komweko wophunzira wobwera amene wapambana pa mpikisano thandizo la maphunziro losachepera madola 1,000 angaloledwe kulipira fizi ya eni mudzi. Motero wanzeru amawerenga malamulo a chigawo ndi a sukulu asanasankhe kopempha malo, ndipo ena amasamuka chaka chimodzi maphunziro asanayambe, nagwira ntchito ndi kulipira msonkho kumeneko.

Pali njira inanso imene imaonetsa poyera kuti nkhani yonseyi ndi ya pangano. M'chaka cha 1971 University of Washington inayambitsa mgwirizano wophunzitsa madokotala a zigawo zoyandikana nayo zimene zinalibe sukulu zawozawo za boma za udokotala. Zigawozo ndi Alaska, Montana ndi Idaho, ndipo Wyoming inalowa m'chaka cha 1996. Mgwirizanowo umatchedwa WWAMI. Chigawo chimalipirira ana ake gawo la mtengo kuti asalipire ngati alendo. Koma Wyoming ndi Alaska zinaikaponso lamulo lakuti wothandizidwayo abwerere kudzagwira ntchito kwawo, apo ayi abweze ndalama. Walira mvula walira matope: wolandira thandizo la anthu walandiranso ngongole kwa anthuwo.

Nkhaniyi yakula mphamvu chifukwa cha kusintha kwa malamulo a ngongole. M'zaka zapitazi dokotala wongotsiriza kumene amene anaphunzira ndi ngongole ankatuluka nayo ya madola pafupifupi 200,000. Lamulo limene linasainidwa pa 4 Julayi 2025 linati kuyambira pa 1 Julayi 2026 wophunzira watsopano wa udokotala asakongole ku boma lalikulu ndalama zoposa madola 50,000 pa chaka, kapena 200,000 pa maphunziro onse. Owerenga athu aone okha masamu ake: fizi ya mwini mudzi ikukwanira m'malire amenewo, pamene ya mlendo yawapitirira asanagule chakudya ngakhale kulipira nyumba.

Nanga mwana wa Mmalawi waima pati pa zonsezi? Apa tiyenera kunena zoona ngakhale zili zowawa. Wophunzira wochokera kuno amalowa m'dzikolo ndi viza ya F-1, ndipo amapatsidwa vizayo atatsimikiza kuti kwawo ndi kuno ndipo adzabwerera akatsiriza. Munthu amene wavomera choncho sangathenso kunena kuti wakhazikika ku Ohio kapena ku California, ngakhale atakhalako zaka zisanu. Ngongole za boma la America sizimukhudza, sukulu zambiri za boma za udokotala sizilandira n'komwe ophunzira a maiko ena, ndipo zina mwa zimene zimalandira zimafuna kuti aonetse kapena kusungitsa ndalama za zaka zingapo asanayambe. Amene njira ya kukhazikika ili yotseguka kwa iwo ndi ana a abale athu okhala kumeneko amene ali nzika kapena ali ndi chiphaso chokhalitsa chotchedwa green card. Palinso mitundu ingapo ya viza imene imalola: m'chaka cha 1982, pa mlandu wa Toll ndi Moreno, Bwalo Lalikulu linaletsa University of Maryland kukaniza fizi ya okhazikika ana a ogwira ntchito m'mabungwe a maiko onse, okhala ndi viza ya G-4, chifukwa cha viza yawoyo.

Pamene ndalama zili zambiri chotere, mayesero sasowa. Wina adzati tingolemba keyala ya amalume amene ali ku Texas, ndani adzadziwa? Tikuchenjeza mwamphamvu kuti njira imeneyo ndi yoononga. Makalata a kukhazikika amasainidwa motsimikiza kuti zonse zolembedwamo n'zoona, ndipo wogwidwa ndi bodza angathe kulamulidwa kubweza ndalama zonse zimene anazemba, ngakhalenso kuchotsedwa sukulu. Mbiri yotere imamutsata mpaka tsiku lopempha chilolezo chochizira anthu. Udokotala ndi ntchito yoimira pa kukhulupirika, ndipo amene wauyamba ndi keyala yobwereka waonongeratu maziko ake.

Kwa aphunzitsi anzathu tikuti: mwana akabwera ndi loto lotere, tisamuseke ndiponso tisamunamize. Timuuze dongosolo lonse monga liliri, kuti ku America udokotala umadza pambuyo pa digiri yoyamba, kuti mitengo ili iwiri, ndi kuti wotsikawo si wake pokhapokha malamulo atamuyesa wokhazikika. Timukumbutsenso kuti masiku a Malekebu, pamene Mmalawi wofuna udokotala analibe kochitira mwina koma kuwoloka nyanja, anatha. College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1991, ndipo kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Pamenepo mwana wa kuno ndiye mwini mudzi, ndipo akatsiriza angathe kupita kunja kukazamitsa maphunziro ali kale dokotala.

Kwa ophunzira, makamaka awo amene ali ndi ufulu wokhala ku America, tikuti yambani msanga, funsani ofesi ya sukulu yoona za kukhazikika, yankho lake likhale lolembedwa, ndipo sungani kalata iliyonse ndi tsiku lake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chaka chimodzi cha kudikira moona mtima chingakupulumutseni ku ngongole ya zaka zambiri. Ndipo kulikonse kumene mudzaphunzire ndi msonkho wa anthu, kaya ku Wyoming kaya ku Blantyre, kumbukirani kuti anthuwo anakuchepetserani mtengo poyembekeza kudzakupezani m'chipatala tsiku limene adzadwale.