Achimwene, kangolo ka R90,000 kasiyeni

Lamlungu lapitali pagulu la WhatsApp la banja lathu panagwa chithunzi. Anaponya ndi achimwene a ku Joni: kangolo koyera kooneka ngati dzira, kachitseko m'mbali, mkati matiresi ndi mapilo awiri, kumbuyo chivindikiro chotsegukira m'mwamba pomwe pali kambaula ka gasi ndi timashelefu. Pansi pake analemba kuti, "December uno tikubwera nako. Kunyanja sitigonanso pansi." Azakhali anaponya timitima. Alamu anaponya moto. Ine ndinafunsa mtengo, gulu lonse zii kwa maola awiri. Yankho linabwerera kumbali: R90,000, kogwirapo kale ntchito, theka ndalama zosunga, theka ngongole ya kubanki.

Ndinawalankhula pafoni, sanamve. Ndiye ndilembe pano, poti ndikudziwa kuti amawerenga zolemba zangazi mwakachetechete kenako n'kumanamizira kuti alibe bandulo.

Tingolo iti sitachilendo. Ku America amatitcha teardrop, ndipo m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 magazini akumeneko ankasindikiza mapulani ake, munthu n'kukhoma yekha pakhomo. Kukula kwake kunkangotsatira chithabwa cha plywood, mafiti 4 m'lifupi ndi 8 m'litali. Kanali kanthu ka munthu wa ndalama zochepa amene ali ndi hamala, macheka ndi Loweruka lopanda zochita. Lero kanthu komweko kapakidwa penti yonyezimira, kajambulidwa dzuwa likulowa, kaikidwa pa Instagram, ndipo mtengo wake ukufanana ndi wa galimoto.

Tiyeni tiwerengere, si paja tinapita kusukulu. Lamulo la ntchito ku South Africa limapatsa munthu tchuthi cha masiku 21 otsatizana pachaka. Chotsanipo masiku a pamsewu kupita ndi kubwerera. Chotsanipo ogona kwa amayi, ogona kwa apongozi, ndi lina lokapepesa maliro amene munawaphonya. Ndikhale wachifundo, ndinene kuti mwatsala ndi masiku 10 ogona kunja pachaka, kuphatikizapo ma weekend a konko. Pazaka 5 ndi masiku 50. Gawani R90,000 ndi 50: R1,800 usiku umodzi. Ndipo pamalo pomwe mwaimika kangoloko mulipirabe, chimodzimodzi wa tenti. Tenti yabwino ya anthu anayi imene ndinawaonetsa ya R2,500, pamasiku 50 omwewo, ikutuluka R50.

Iwo akuti, "Koma ndidzakagulitsanso." Chabwino. Tinene kuti mwadzakagulitsa R60,000. Mwatayabe R30,000, ndiye kuti R600 usiku uliwonse, tisanawerengere chiwongoladzanja cha banki. Ndipo kangolo sikagona ndi njala. Kali ndi nambala yakeyake ndi disiki yolipira chaka ndi chaka. Kali ndi matayala ake, amene amang'aluka ngakhale kakungokhala padzuwa, ndi ma bearing ofuna girisi. Polo yawo ilibe chokokera, akaikitse. Kangolo kakalemera kupitirira makilogalamu 750, laisensi ya B siikwanira, pafunika ya EB. Amakhala pa flat, malo oimika galimoto ndi amodzi. Nanga kangoloko kazigona pabalaza? Tenti yanga ili m'chikwama kunsi kwa bedi, siinandipemphepo kanthu chiigulireni.

Kenako msewu. Kuchoka ku Johannesburg kudzera Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza ndi Blantyre ndi makilomita oposa 1,600. Pachipata chilichonse kangolo kamafunsidwa mapepala akeake, ndipo katundu amene banki idakali ndi dzanja pa iye satuluka m'dziko popanda kalata ya bankiyo. Injini yaing'ono ikamakoka katundu imamwa mafuta ochuluka, zimenezo ngakhale wa kabaza akudziwa. Ndiye mukufika nako m'dziko limene taphunzira kugona pamzere wa mafuta, limene kwacha inagwa ndi 44% tsiku limodzi mu November 2023. Tayerekezani muli pamzere ku Salima, kumbuyo kuli dzira lanu, wina akukuuzani kuti bwererani m'mbuyo pang'ono adutse. Munabwererapo m'mbuyo ndi ngolo, achimwene? Mukapinda chiwongolero kumanja iyo imathawira kumanzere, anyamata a pa depoti akukujambulani.

Koma zandalamazi si zimene zikundiwawa kwambiri. Chikundiwawa n'chakuti malo amene ndikufuna kukakuonetsani, kangoloko sikafikako.

Ku Mulanje galimoto imathera ku Likhubula. Kuchoka pamenepo ndi miyendo, chikwama kumsana, kukagona m'tinyumba ta paphiri ngati Chambe kapena Chisepo, m'mawa kulimbana ndi Sapitwa pa mamita 3,002. Kangolo katsala m'munsi, mukulipira mlonda. Ku Likoma mukwera Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjapa kuyambira 1951. Tenti mukwera nayo ngati chikwama china chilichonse. Ku Ruarwe anthu amafika paboti kapena wapansi. Ku Livingstonia, mukadzera msewu wa Gorodi kuchokera ku Chitimba, mukumana ndi makona akuthwa pafupifupi 20 pachitunda cha miyala, pena pomwe ngakhale galimoto yopanda ngolo imayamba yabwerera kaye kuti ikhote. Ine ndinakwera msewu umenewo kumbuyo kwa pikapu, tenti pamiyendo, ndikupemphera m'zinenero zitatu. Usiku umenewo ndinagona chapafupi ndi mathithi a Manchewe, m'mawa n'kutsegula zipi, nyanja ili pansi uko ngati lata latsopano. Ndalama zimene ndinawononga ulendo wonsewo sizingagule ngakhale tayala limodzi la kangolo kanu.

Munthu akagula ngolo, ngolo ndiyo imayamba kusankha kopita. Mudzapezeka chaka ndi chaka muli ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear, pamalo omwewo osalala, pafupi ndi soketi ya magetsi, chifukwa kwina konse "ngolo singafike".

Ndisaname, tenti ili ndi zake. December ndi dzinja, ndipo mvula ya ku Nkhata Bay sichita nthabwala. Ndinadzukapo 2 koloko usiku matiresi akuyandama, foni m'madzi, chifukwa ndinakhoma tenti pamalo otsetsereka ngati chitsiru. Kupinda tenti yonyowa n'kowawa, ndipo ukaiwala kuiyanika imanunkha nkhungu mwezi wathunthu. Msana wa munthu wa zaka 60 si wa munthu wa zaka 28. Azungu opuma pantchito amene timawaona akuchokera ku South Africa ndi ma Land Cruiser, ngolo zazikulu kumbuyo, akuyenda miyezi itatu mpaka ku Tanzania, amenewo ndilibe nawo mlandu. Amagonamo masiku 90 pachaka, masamu awo amatuluka. Achimwene ali ndi zaka 34, msana wabwinobwino, ndi abwana owerengera tchuthi ngati mchere wobwereka. Vuto la madzi limatha ndi kusankha pokwera, pepala lochindikala pansi ndi lona pamwamba. Vuto la msana limatha ndi matiresi abwino. Ndipo usiku umene kumwamba kwatsimikiza kugwa, kalipireni chipinda pa loji. Pa R1,800 ija mupezanso chambo ndi chenji. Za kutentha sindinena zambiri. Kabokosi kotsekeka, anthu awiri, kunyanja, December. Mudzatuluka mutapsa ngati sikono.

Nditawapanikiza pafoni paja, anatulutsa mawu amene ndikuganiza kuti ndiwo nkhani yeniyeni. Anati, "Iwe, ine zaka 9 ku Joni, ndibwere kudzagona m'tenti ngati pamaliro?"

Ndinakhala chete, chifukwa ndikuwamvetsa. Kwathu kuno tenti siikumbutsa tchuthi. Imakumbutsa pasiwa, mipando ya pulasitiki ndi nyimbo za usiku wonse. Imakumbutsa misasa ya anthu a ku Chilobwe ndi ku Phalombe namondwe Freddy atawalanda zonse mu March 2023. Amayi mpaka lero samvetsa kuti mwana amene anamulipirira fizi mpaka ku yunivesite amanyamuka dala kukagona pansi kutchire. Tinakula tikugona pamphasa anayi bulangete limodzi, ndipo achimwene anapita ku Joni kuti asadzagonenso pansi. Kangoloko akufuna kuti kalowe m'mudzi patsogolo pa ana othamangira galimoto, anthu aone kuti zaka 9 zija sizinapite pachabe.

Koma anthu adzaona masiku awiri. Ngongole idzakhala miyezi 36. Ndipo anthu omwewo, akatha kusirira dziralo, adzakweza maso n'kuona denga la nyumba ya amayi, limene mvula ikamagwa timatchera mabeseni atatu kuchipinda. Simunaiwale, achimwene, munatchera nawo chaka chatha. Ine malipiro anga a kuno, ndikachotsa lendi ndi thiransipoti, agula malata angati? Nkhani ya dengayi tinagwirizana kuti tiigwira tonse chaka chino, ndipo chithunzi chanu chija chitagwa pagulu, amayi anandiimbira kufunsa ngati kangoloko n'konyamulira malata. Sindinawayankhe.

Tenti yanga ndi ya anthu atatu, zipi imodzi imavuta koma ndikonzetsa kwa atelala a pamsika. Inu ndi alamu mugone m'menemo, ine ndibwereka ina. Mundipeze ku Lilongwe pa 20 December, Polo isiyeni ku Chitimba, tikwere Gorodi. Wogulitsa uja akuti akudikira dipoziti pofika Lachisanu. Musatumize.