Galimoto nambala 34 ndi anyamata a pa galaja

Kwathu kwa Chitukula, mwana akamakonda kukhala pa okonza njinga za kabaza timati sukulu yamukanika. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tisiye kalankhulidwe kameneka tisanagwire choko.

Taganizirani za Wendell Scott wa ku Danville, m'chigawo cha Virginia ku America. Anali makaniko, ndipo timu yake mu mpikisano wa magalimoto wa NASCAR inali ya pabanja: ana ake aamuna ndiwo ankasintha matayala ndi kuthira mafuta. Matimu akuluakulu ankathandizidwa ndi makampani, koma iye ankagula magalimoto ndi masipeyala akale n'kumakonza yekha. Pa 1 Disembala 1963, ku Jacksonville, galimoto yake nambala 34 inapambana, chinthu chomwe munthu wakuda anali asanachitepo pa mlingo umenewo. Koma wolengezedwa anali mzungu, Buck Baker. Pomwe ankavomereza kuti wapambana ndi Scott, anthu anali atabalalika. NASCAR inapereka chikho ku banja lake mu 2021, mwiniwake atamwalira kale mu 1990.

Tsankholo ndi lonyansa, inde. Koma chotikhudza ife n'chakuti katimu kosaukaka kanapikisana mpaka 1973 podalira luso la manja. Luso lotere lilipo pa Nsaru ndi pa Kabudula, mwa anyamata odziwa vuto la injini pongoimvetsera. Tingowanyoza, kapena tiwauze kuti ku Namitete kuli koleji ya ntchito zamanja? Wa Fomu 2 akabwera m'kalasi ndi girisi m'zikhadabo, timufunse zomwe amakonza, kenako timuonetse pomwe masamu ndi fizikisi zikulowa mu injiniyo.