Ku Mangochi simunafikeko, munangofika pa loji

Tiyeni tiuzane zoona, abale. Ambiri a inu amene mumati "Mangochi ndimakudziwa" simunafikeko. Munanyamuka ku Blantyre kapena ku Lilongwe magalasi otseka mpaka pageti la loji. Munachita wekishopu masiku atatu, n'kudya chambo chokazinga, n'kudzijambula mapazi ali m'madzi, n'kusainira alawansi, basi ulendo wobwerera. Ndiye kudziwa Mangochi kumeneko?

Chodabwitsa n'chakuti inu nomwe mukaona zithunzi za Nazaré, tauni ya asodzi ya ku Portugal, mumachita kumeza malovu. Amayi akuyanika nsomba pamchenga, alendo ochokera kutali akuyendayenda mosapupuluma ndi makamera. Mumvekere, "Koma kunjaku kuli malo!" Nanga thandala la usipa la ku Makawa, ku Msaka kapena ku Malembo lalakwanji? Fungo? Nsomba za ku Portugal zimanunkhira perefyumu, eti?

Patulani tsiku limodzi lopanda pulogalamu. Lawirirani kudoko ngalawa zikamakocheza. Mudzakumana ndi asodzi amene achezera panyanja ndi nyali, kukopa usipa kuti ulowe m'chilimira, ndi amayi a geni akunenerera mtengo wa chigoba m'Chiyao ndi m'Chichewa. Khalani pansi, gulani, chezani. Funsani kuti chambo chinapita kuti. Mudzamva za nyanja ya Malombe imene inkadyetsa anthu chambo koma lero yatsala ndi kambuzi. Mudzamva za maneti a udzudzu amene amakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, ndiponso za mmene banja limadyera akatseka nyanja mu Novembala.

Dzuwa likakwera, lowerani pa boma, muyende wapansi. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, ya nthawi imene tauniyi inkatchedwa Fort Johnston. Pomwepo pali mfuti ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann, komanso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Mwadutsapo kangati osatsika galimoto?

Wina anena kuti, "Ndiye tizikaonerera umphawi wa anzathu ngati kanema?" Ayi. Kuonerera ndi kumene mumachita panopa, kusuzumira pamwamba pa mpanda muli ndi botolo m'manja. Ine ndikunena zodziwana. Ndalama imene mumasiya m'kati mwa mpanda sifika kwa mayi wootcha nsomba kapena mnyamata wa kabaza. Ndipo mipandayo ikuchuluka. Gombe limene mudzi unkachapirapo ndi kukocheza mabwato likagulidwa, inu simumva kanthu chifukwa simunaliponde. Amalume amene ankasokerapo ukonde simukuwadziwa. Chimene sukuchidziwa sungachimenyere nkhondo.

Zomvetsa chisoni n'zakuti misonkhano yokambirana za tsogolo la nsomba imachitikira m'maholo a m'mphepete mwa nyanja momwemo, msodzi ali kuseri kwa mpanda, osamufunsa n'komwe.

Ndipo inu alembi a m'gulu lino musadzichotsemo. Ndakatulo zanu za nyanja n'zodzaza ndi dzuwa lolowa ndi mafunde. Ali kuti mkazi amene sagona mwera ukamawomba mwamuna wake ali pamadzi? Ali kuti mwana amene wasiya sukulu kukakoka makoka? Mukulemba nyanja ya pakalendala, yopanda anthu.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ulendo wina mukadzapita, dzatulukeni pageti, foni m'thumba, mudzapereke moni kwa oyamba kukumana nawo. Mukadzabwerako mudzatilembere muno dzina la doko limene munafikapo ndi mtengo wa usipa tsiku limenelo. Mukadzalephera, musadzatiuzenso kuti munali ku Mangochi.